Masupuni a Madala Pitala

Mukalowa m'nyumba ya m'komponi ya Madumabisa kuno ku Wanki, ku migodi ya malasha, n'kupeza masupuni okwanira banja lonse, dziwani kuti eni nyumbayo ndi alendo, afika chaka chino. Ife amene tinakhalako ndi a Madala Pitala tinazolowera kutakasa tiyi ndi mpeni.

Sankaba ayi, ndisawanamizire anthu ogona. Ankapempha. Koma kapemphedwe kake! Afika pakhomo chipewa chili kumanja, "Odi kuno!" Muwapatsa mpando, muwathirira tiyi. Iwo tiyi ayi, maso ali pa supuni. Aitembenuza uku, aitembenuza uko, ailuma pang'ono ndi dzino lija linawatsalira kutsogolo, kenako aigogoda pa chikhadabo n'kutchera khutu ngati ikuwauza nkhani za kumudzi.

"Mayi, supuni iyi ikuvutika pano."

"Ikuvutika bwanji, Madala?"

"Si ya shuga iyi. Inabadwira ntchito yaikulu. Mukuiphera tsogolo."

Nanga ndani angafune kuphera supuni tsogolo? Mawa lake mungomva ngo! ngo! ngo! kuseri kwa mzere womaliza wa nyumba. Supuni yanu ili pa chidutswa cha njanji, ikuphwanyidwa mpaka ikhale phwathalala. Kenako ainola kukamwa kuti kuwongoke. Basi, yasanduka chopalira injini.

Ndifotokozere amene simunasuzumirepo m'mimba mwa galimoto, monga mmene ndinalili ine. Injini ili ndi thupi ndi mutu. Pakati pake amagonekapo chinthu chopyapyala chotchedwa gasiketi, choletsa madzi, mafuta ndi moto kuti zisasakanikirane. Gasiketi ikapsa amachotsa mutu, koma yakale ija imasiya makoko omatirira mbali zonse ziwiri. Makokowo ayenera kupalidwa onse, chitsulo chitsale mbee, koma osachikanda. Mukasiya kachidutswa, injini idontha. Mukakanda, idonthanso. Ntchito ya a Pitala moyo wawo wonse inali imeneyo, kupala. Kuyendetsa galimoto sankadziwa, za mawaya sankafuna n'kumva komwe. Koma amakaniko a m'tauni yonse ankawabweretsera mitu ya injini pa wilibala ngati odwala opita nawo kwa sing'anga.

Kale ankagwira ntchito pa galaja ya wamalonda wina kufupi ndi siteshoni. Mwini wake posamuka anawasiyira lole yakufa. Amuna anaikankha mpaka pansi pa mtengo wa tsanya kumapeto kwa komponi, a Pitala anamanga kachisakasa ka malata pambali pake, n'kulengeza kuti: "Lole iyi idzandifikitsa kwathu ku Dowa." Mlungu womwewo anachotsa mutu wa injini kuti apale. Pamene ine ndinkafika kuno, ana amene anaonerera mutuwo ukuchotsedwa anali atayamba kale ntchito mu mgodi, mutu uli pompo pa matabwa. Mtsikana wa ku Madumabisa akafuna kukana mnyamata mwaulemu ankangoti, "Ndidzakulola ikadzalira lole ya a Pitala."

Ine ndinabwera pa sitima ndi Lena wanga kumsana, asanayambe n'kukhala komwe, kutsatira bambo ake, a Laiton, amene amagwira ntchito pansi pa mgodi. Kwathu ukatuluka m'mawa umapeza amayi ako akusesa, azakhali akufunsa mmene wagonera. Kuno ukatuluka upeza khoma la nyumba ina lofanana ndi lako. A Laiton ndi munthu wabwino, koma mgodi umawabweza atafinyidwa ngati mzimbe: asamba, adya, agona. Kumanja kwathu kunali Ananambya, kumanzere Alozi, ndipo moni wathu unali wa mano okha. Masiku ena dzuwa linkalowa ndisanalankhule ndi wamkulu aliyense kupatula Mulungu ndi simbi yositira.

Simbi yomweyo ndiyo inandipezera a Pitala. Ndinkasita malaya oyera a ku tchalitchi a bambo a Lena. Kunsi kwa simbi kunali kutamatirira zakuda, ndipo inalemba mzere pamsana penipeni pa malaya. Ndinaikalipira mokweza monga amakalipira amayi anga nkhuku zikalowa m'nkhokwe. Panja wina anafuula:

"Ameneyo ndi wa ku Dowa! Kakalipidwe kameneko n'ka kwa Chiwere!"

Ndinasuzumira. Kamdala kakafupi, ovololo yakuda bii, chikhadabo cha chala chachikulu chachitali ngati cha nkhwazi.

"Kwa Chiwere mbali iti, mwana wanga?"

"Kufupi ndi Mvera."

Anakhala pansi pakhomo pomwepo osadikira mpando.

"Mkuyu uja wa panjira ya ku misika ulipo?"

"Unagwa ine ndili wamng'ono."

Kenako anati, "Bwera nayo kuno simbiyo." Anatulutsa kathabwa m'thumba, anapala kunsi ikadali yofunda, anapukuta ndi palafini, mpaka ndinadziona nkhope. Ndinawathirira tiyi kuti ndithokoze. Apo ndiye ndinalakwitsa.

Ndinali ndi masupuni awiri okha. Ina ya kusitolo, ina imene amayi anandipatsa potsanzikana. Iwo anapatsidwa ndi dona wa ku mishoni kumene ankatsuka mbale, ndipo pa chigwiriro chake panali kaduwa. A Pitala ataiona anaiwala kupuma.

"Mayi, supuni iyi..."

"Sikuvutika, Madala. Ndi ya amayi anga."

"N'chifukwa chake! Supuni yoleredwa bwino!"

Ndinailanda n'kuibisa m'chitini cha ufa. Akuti m'komponi monse ndinali woyamba kuwakaniza, ndipo amayi ena anabwera kudzandiona ngati ndili ndi nyanga. Umu ndi mmene ndinadziwanira ndi Elesi, mayi wa pakamwa pa moto wa mumzere wakutsogolo.

Kuyambira pamenepo, ndikamaliza ntchito za pakhomo ndinkatenga zosoka zanga n'kupita pansi pa tsanya. Lena ndimgoneka pa chiguduli, a Pitala ayala zida zawo. Zinkakhala m'chidutswa cha tenti chosokedwa timatumba, ndipo ankachifunyulula mwaulemu ngati mkulu wa mpingo povundukula mgonero. Choyamba chinali kathabwa ka tsanya kosema, kochotsera makoko akuluakulu. Chachiwiri nthiti ya ng'ombe yochokera ku nyama ya phoso imene ankagawira antchito a mgodi, yonoledwa mbali imodzi. Kenako masupuni, mzere wonse. Kumapeto kagalasi kochindikala, sandipepa wosalala, botolo la palafini ndi nsanza zochapa bwino kuposa malaya awo.

"Chopalira chikhale chofewa kuposa chimene ukupala, make Lena. Ukatumiza chitsulo cholimba kwa chitsulo chinzake, ndi ndewu. Wina atuluka ndi chipsera."

Supuni iliyonse inkatchedwa dzina la mayi amene anailandidwa. "Ndipatsire Elesi apo, ameneyo sasiya kanthu, wakuthwa pakamwa." Yaikulu yophwathalala inali amake Simoni: "Amayenda pang'onopang'ono koma akadutsa adutsa." Kakang'ono kolowa m'makona kanali Evangelina, mkazi wina wa ku Tete: "Amalowa paliponse osaitanidwa." Amayiwo ankanamizira kukwiya, koma popita kumpopi ankapatuka. "Madala, ine ndikugwira bwanji ntchito masiku ano?" "Inu mwabuntha, mayi, mukufunika kunoledwa." "Abunthe ndi inu!"

Tsiku lina kunabwera Fideli, dalaivala wa malole a amalonda, mnyamata wachangu ngati walumidwa ndi linthumbu. Anatula mutu wa injini umene anali atayamba kale kuupala yekha ndi tchizulo ndi hamala. A Pitala anayendetsa chikhadabo pamwamba pake. Chinakodwa. Chinakodwanso. Anavula chipewa n'kukhala pansi.

"Zachitika liti?"

"Chiyani, Madala?"

"Ngoziyi. Abale ake mwawauza?"

"Aa, Madala, ndimafuna kufulumira."

"Iwe Fideli, mwana wako ukamamumeta umatenga nkhwangwa?"

Anakulunga sandipepa pa galasi, anathira palafini, n'kuyamba kusisita mozungulira, akuupepesa mutuwo ngati mwana wogwa pa njinga. Fideli anamuletsa kukhala pansi mpaka ntchito itatha, kuti miyendo ikumbukire.

Chikhadabo chimenecho sichinkadziwa malo. Pa tebulo la eni ake, pa benchi ya m'tchalitchi, pa kauntala ya sitolo, chinkangoyenda. Pamaliro a bambo wina wa ku Tete, anthu atatsanzika, akalipentala ananyamula chivundikiro kuti akhome bokosi. Tinangomva, "Aikona! Taimani!" A Pitala adutsa pakati pa anamfedwa, ayendetsa chikhadabo m'mphepete mwa bokosi, atulutsa Elesi m'thumba, ayamba kupala guluu wouma. Mlaliki anayambitsa nyimbo kuti abise manyazi. Tinaimba ndime zonse, tinabwerezanso, iwo akupalabe.

"Munthuyu wayenda ulendo wautali," anatero. "Musamutseke ngati chitini cha phulusa."

Namfedwa anaseka mpaka kugwira pakamwa, kenako analira koposa poyamba.

Tsono mufunsa kuti, mmisiri wotere, bwanji injini yake yomwe inamukanika? Fumbi. Amene simunakhaleko ku Wanki simudziwa fumbi la malasha. Siligwa ngati la kwathu loti mphepo ikaleka nalo lileka. Limangotsika, usana wonse, mwakachetechete. Ukayanika matewera oyera ukawanula otuwa. Mwana ukamusambitsa, pomupukuta wadanso m'khosi.

A Pitala ankayamba m'mawa. Atseka mabowo a injini ndi nsanza kuti zinyalala zisagweremo, apala thupi, apala mutu, atsuka ndi palafini, apukuta. Chitsulo chiwala ngati madzi. "Lero ndiye lero, make Lena. Konzeka kutsanzika." Apita m'kachisakasa kukatenga gasiketi yatsopano imene ankaisunga pansi pa mphasa pakati pa matabwa awiri. Pobwera ayendetsa chikhadabo, achiyang'ana padzuwa, apukusa mutu.

"Aikona. Lagwanso."

Abweza gasiketi pansi pa mphasa. Mawa chimodzimodzi. Fideli, chifukwa chosapirira, anali atakonza kale zina zonse pa lole ija, matayala, mawaya, mabuleki, kungotsala mutu basi. Ankachita kulira. "Madala, kafumbi kameneko sikangaphe injini!" "Iwe ndi uja wa nkhwangwa, khala chete."

Ine ndinkaseka nawo. Koma ndine mayi wochapa matewera, ndimadziwa masiku amene fumbi limagona. Mvula ikagwa, mpweya umayera, nsalu zimauma zoyera. Ndipo ndinaona kuti tsiku lililonse lotere a Pitala ankadzuka ndi msana. Agona m'kachisakasa akubuula, zida osazifunyulula. Dzuwa likaumitsa nthaka, fumbi n'kuyambiranso, msana wapola.

Sindinauze munthu. Ndinene zoona, zinkandikomera. Lole ikanalira, ndani akananditchula mwana wa kwa Chiwere? Ndani akanandifunsa ngati bowa wa m'phiri la kwathu akumerabe? Pansi pa tsanya paja ndi pokhapo ku Wanki konse pamene ndinkalankhula osayamba ndaganiza mawu.

Kenako chinabwera chifuwa. Poyamba ankati ndi fodya. Koma ovololo inayamba kukula, dzanja logwira supuni linayamba kupumira panjira. M'nyengo yomweyo kunamwalira mtchona wina wokalamba wa mumzere wa osakwatira, munthu wopanda ndi mmodzi yemwe womulira. Anzake a pantchito anamuika mofulumira kuti asachedwe shifiti. Ife amayi tinaimba, koma dzina la kumudzi kwake panalibe wolidziwa. Pobwerera a Pitala sanayendetse chikhadabo paliponse. Tili pafupi kufika anati:

"Waliona dothi lija, make Lena? Lotuwa ngati phulusa. Kwathu dothi ndi lofiira, katondo. Munthu ukagona m'menemo umadziwa kuti wagona."

Ndinasinkhasinkha masiku angapo. Ndinapemphera, ndipo ndinkayembekeza kuti Mulungu andiuza kuti si nkhani yanga. Sanandiuze. Ndinavundukula chitini cha ufa.

"Madala, supuni ija mukuifunabe?"

Maso anawala ngati a mwana.

"Ndikupatsani. Koma ipale tsiku limodzi lokha, ndipo tsiku lomwelo mutu ubwerere pa injini."

"Fumbi, make Lena."

"Fumbi musiyire amayi."

Anayang'ana ine, anayang'ana kaduwa ka pa chigwiriro. Umisiri unaposa mantha. Anailandira ndi manja awiri. Madzulo ake ndinamva ngo, ngo, ngo, pang'onopang'ono kusiyana ndi masiku onse. Ndinatseka chitseko kuti ndisamve, koma malata a kuno satsekereza kanthu.

Ndinapita kwa Elesi kukamuuza nzeru yanga. Pobwera kuno, pa siteshoni ina, mayi wina anayamba matenda a uchembere pabwalo, ndipo amayi onse a m'sitima anavula nsalu zawo zapamwamba n'kumuzungulira, kukhala mpanda. Ndinati tichite chomwecho.

Elesi anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe mtsikana, ukudziwa chimene ukuchita? Madalawo akapita uzicheza ndi yani? Simbi?"

"Ndikudziwa."

"Chabwino. Koma nsalu yanga ikada uchapa ndiwe."

Lachinayi, titaweruka ku Chigwirizano, amayi anakavula zoyera n'kubwera ndi nsalu, mabulangete, ngakhale nsalu ya patebulo ya amake Simoni imene sinkatuluka ngakhale pa Khirisimasi. Evangelina anabwera ndi anzake a ku Katolika. Tinatunga madzi n'kuwaza pansi ponse mpaka nthaka inanunkhira mvula. Nsalu yaikulu tinaimangirira ku nthambi za tsanya kukhala denga. Ena onse anazungulira kutsogolo kwa lole, mikono m'mwamba, nsalu kugundana ndi nsalu. M'kati tinatsala atatu: a Pitala, ine wopatsira zida, ndi Fideli wonyamula mutu, amene Elesi anati alowe ngati dokotala koma asayang'ane amayi kumaso.

A Pitala anayesa njira zonse.

"Msana wanga..."

"Mvula sinagwe, Madala. Msana uli bwino."

"Lachinayi si tsiku lotsekera injini."

"Linalembedwa pati?"

Amuna ochoka ku shifiti ataona mpanda wa nsalu anatembenuka okha n'kudzera njira ya kumpopi, maso pansi. Wapolisi wa m'komponi anabwera ndi ndodo yake kudzafunsa za msonkhano wopanda chilolezo. "Ini lo ndaba lapa?" Ndi chilankhulo cha pamgodi chimenecho, kufunsa kuti pali nkhani yanji pano. Elesi sanatsitse ndi mkono womwe.

"Amuna kutali! Pali matenda a amayi pano. Kapena mulowe mutithandize?"

Wapolisi anabwerera chambuyo, anapunthwa pa chidebe, ndipo sitinamuonenso mpaka Loweruka.

M'katimo munali kutentha ngati mu uvuni. A Pitala anadutsitsa kathabwa, anadutsitsa nthiti, anaitana amake Simoni, Elesi, Evangelina m'makona. Pomaliza anati, "Ndipatsire make Lena." Ndinawapatsa supuni ya amayi anga, yophwathalala, kaduwa kokha katatsala. Anaiyendetsa mopepuka, osamveka ndi phokoso lomwe. Anatsuka ndi palafini. Ndinawapatsa thewera la Lena loyera kuposa onse, anapukuta. Kenako chikhadabo.

Chinayenda kuchoka uku kufika uko osakodwa. Anachiyang'ana. Anachiyendetsanso. Panalibe kanthu.

"Fideli, katenge gasiketi pansi pa mphasa," ndinatero, poopa kuti akapita okha sabwerako.

Fideli atatuluka, a Pitala analankhula motsitsa, maso ali pa chitsulo.

"Make Lena, ine ndinachoka kwathu ndisanamere ndevu. Ndinati ndikagule njinga ndi nsalu ya mlongo wanga, ndibwera dzinja lisanathe. Mlongoyo anamwalira, ndinamvera kwa anthu. Mkuyu unagwa. Ndikakatsika pa lole ana akathawa, akuluakulu akandifunsa kuti, bambo, mukufuna yani? Ndikati yani?"

"Mukati mukufuna amayi anga, a Nambewe, amake Mailesi, kuseri kwa sukulu."

"Akadziwa bwanji kuti si ine wakuba?"

"Mwagwira chiyani m'manjamo?"

Anayang'ana kaduwa kaja. Kunja Elesi anafuula: "Azamba m'katimo! Mikono yatha kuno! Zikutheka kapena tiitane ena?"

A Pitala anapukuta m'maso ndi mkono wa ovololo, n'kusiya mzere wakuda pamphumi. Anazula nsanza m'mabowo imodziimodzi. Anagoneka gasiketi. Iwo ndi Fideli anatsitsa mutu pang'onopang'ono ngati akugoneka mwana wogona kale. Mabawuti anamanga kuyambira pakati kupita kunja, uku pang'ono, uko pang'ono, osalola Fideli kukoka sipanala mwamphamvu. Atamaliza anakhala pansi n'kunena kuti, "Yatsekeka," ngati akulengeza maliro.

Fideli anathira madzi, mafuta ndi petulo, analumikiza batire lobwereka, n'kupita kutsogolo kukapukusa chitsulo cholizira injini. Lole inatsokomola ngati eni ake. Inatsokomolanso. Kachitatu inabangula, mtengo wonse wa tsanya unagwedezeka, ndipo utsi wa zaka zonse zija unatuluka nthawi imodzi n'kudetsa nsalu zathu zonse, ya amake Simoni poyamba. Amayi anaponya nsalu pansi, nthungululu kuti lululu! "Mwamuna! Wabadwa mwamuna!" Lena analira ndi mantha. Agalu anathawa.

Amene anavutika ndi atsikana. Lisanalowe dzuwa anyamata anali ataima m'makomo, zipewa kumanja. "Yalira, chemwali. Mwaimva nokha." Atsikana ena anakana n'kunena kuti limene lija linali bingu, koma chaka chimenecho maukwati anachuluka ku Madumabisa.

Mwezi usanathe ulendo unakonzeka. Fideli ndiye woyendetsa, kudzera ku Livingstone ndi Lusaka mpaka kwathu, pamodzi ndi amuna ena omaliza ntchito, njinga zawo, masutikesi ndi makina osokera. Ine sindikanatha kupita nawo. Tchuthi cha a Laiton chinali kutali, ndipo ndinali ndi pakati pena, msewu umenewo si wa munthu wotero.

A Pitala anayenda khomo ndi khomo kubweza masupuni. "Nayu mwana wanu, mayi, waphunzira ntchito." Elesi anaitembenuza yake. "Tsono ndidyera chiyani chimenechi? Ngakhale phala lingakhalepo?" Koma anaikoloweka pa msomali pamwamba pa chitseko, ndipo ilipo mpaka lero.

Kwa ine anabwera ndi chipepala chochindikala chimene ankadulira magasiketi ang'onoang'ono. Pofuna kudula, ankapaka mafuta akuda pa chitsulo n'kudindapo pepala kuti mawonekedwe atsalire. Anatenga phazi la Lena, analipaka mafuta, analidinda. Tizala tonse tinaoneka.

"Agogo ake aone kuti mwanayu ali ndi poponda."

M'mawa wonyamuka anakhala kutsogolo pambali pa Fideli, atavala jekete imene palibe ankadziwa kuti ali nayo. Ndinkadikira mawu aakulu otsanzikana. Anatulutsa mutu pawindo.

"Make Lena! Simbi uziipala ikadali yofunda. Ndi thabwa, osati mpeni!"

Lole inakhota pa mzere womaliza, fumbi linatseka.

Nkhani zinabwera ndi Fideli, amene anayamba kuyenda njira imeneyo ndi lole ija. Akuti anafika. Ana anathawadi. A Pitala anafunsa a Nambewe, ndipo amayi anatuluka ndi tsache m'manja. Atapatsidwa supuni anaiyang'ana, anaona kaduwa, n'kukuwa: "Supuni ya dona mwaichita chiyani, bambo inu?" Anawathamangitsa ndi tsache kuzungulira nkhokwe. Ndiye a Pitala, akupuma movutika, anatulutsa pepala lija. Amayi anakhala pansi pomwepo. Anaika chikhatho chawo pa kaphaziko. Kenako anatuma mwana kukatunga madzi akumwa, ndi kukasesa kanyumba ka mchimwene wanga amene ali ku Joni.

A Pitala anakhala dzinja limodzi. Anapala makasu a mudzi wonse, belu la sukulu, ndi zitseko zimene zinali zisanatsekekepo bwino chimangidwire. Amayi a m'mudzi anaphunzira kubisa masupuni kudenga. Anadya bowa, anadya chimanga chachiwisi. Atakolola, anagona. Bokosi anali atalikonza okha nthawi ikadalipo, ndipo akuti chivundikiro chinakhala phee, popanda polowa nyerere. Anawaika mu katondo, ndipo amayi anga anawalira monga mlongo wawo.

Kuno zinthu zili monga kale, kungoti masupuni akuchuluka. Amakaniko amapala ndi chilichonse chimene chili pafupi, ndipo m'misewu muli madontho a mafuta. Kachisakasa anaphwasula. Pansi pa tsanya patsala banga lakuda pamene udzu sumera. Lena tsopano amathamanga, phazi lake silingakwanenso pa pepala lija, ndipo mng'ono wake sanawaonepo a Pitala. A Laiton asamba, adya, agona. Ndikapukuta tebulo m'mawa, masana ndimapeza chala changa chikuyenda chokha pamwamba pake, ndichiyang'ana padzuwa, ndipo palibe woti anene kuti aikona.

Tsiku lina Elesi anandipeza nditaima pa banga lija ndi mwana kumsana, zosoka zili m'manja, ndilibe pokhala.

"Tsono ukulira chiyani? Si ndiwe unachititsa zonsezi? Munthu anafika kwawo, anagona pabwino."

"Anagona pabwino."

"Nanga?"

"Palibe, Elesi. Mzamba naye ntchito ikatha amabwerera kwake manja ali okha."

Elesi anayala nsalu yake ija, imene utsi sunachoke ngakhale ndinaichapa kangapo, n'kukhala pansi.

"Khala," anatero. "Tandiuza za mkuyu unagwawo. Unali pati?"